Robert Bosch: Mwana wa mlimi yemwe adaweta moto wa mu injini

Galimoto ikakana kulira m'mawa, kapena njinga yamoto ya kabaza ikayamba kutsokomola pachitunda, makaniko wodziwa ntchito sathamangira kuphwasula injini yonse. Amayamba wafufuza zinthu ziwiri. Choyamba, kodi mafuta akufika pamlingo woyenera? Chachiwiri, kodi moto ulipo, ndipo ukubwera panthawi yake? Chimodzi mwa ziwirizi chikasokonekera, minibasi imagona pagalaja, ndipo kubanja komwe amaidalira tsiku limenelo ndiwo zimavuta.

Mafunso awiriwa adabadwira limodzi ndi galimoto. Mmodzi mwa anthu amene adathera moyo wawo wonse akulimbana nawo ndi Robert Bosch wa ku Germany, yemwe dzina lake ambirife timangoliona pa timakatoni ta mapulagi, pa mabatire ndi pa mapampu a dizilo. Mkuluyu sadali wopanga galimoto. Ntchito yake idali yoonetsetsa kuti moto ndi mafuta zikukumana mu injini panthawi yoyenera. Iyi ndi ntchito yomwe mwini galimoto sangaione ndi maso, choncho imalira munthu wokhulupirika.

Mwana wa nambala 11

Robert Bosch adabadwa pa 23 September 1861 m'mudzi wa Albeck, kufupi ndi mzinda wa Ulm kummwera kwa dziko la Germany. Iye adali wa nambala 11 m'banja la ana 12. Bambo ake, a Servatius Bosch, adali mlimi wopata bwino, komanso adali ndi nyumba yogona alendo m'mbali mwa msewu. Mayi ake adali a Maria Margaretha. Mu 1869 banjali lidasamukira ku Ulm, komwe Robert adachita maphunziro ake.

Kusukulu mnyamatayu sadali wa patsogolo. Mtima wake udali pa zomera ndi nyama zakutchire, koma bambo ake adamulangiza kuti aphunzire ntchito yamanja. Kuyambira mu 1876 mpaka 1879 adaphunzira umakaniko wa zipangizo zing'onozing'ono zofuna kuyeza mosamala. Mphunzitsi wake sankalabadira kwenikweni ophunzira, ndipo izi zidamukhala kumtima Bosch moti atalemera adatsegula malo akeake ophunzitsira achinyamata ntchito mu 1913.

Paja akuluakulu adati mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi. Atamaliza maphunzirowo, Bosch adayendayenda kwa zaka zisanu ndi ziwiri akugwira ntchito m'makampani osiyanasiyana. Adagwirako m'mizinda ya Stuttgart ndi Nuremberg, adalowako usilikali kwa chaka chimodzi, ndipo adakamverako maphunziro a zamagetsi kwa miyezi ingapo pasukulu ya ukachenjede ya ku Stuttgart. Mu 1884 adakwera sitima yapamadzi kupita ku America, komwe adagwira ntchito pakampani ya Thomas Edison ku New York. Chaka chotsatira adagwira kwa Siemens Brothers ku London asadabwerere kwawo.

Pa 15 November 1886, ali ndi zaka 25, adatsegula kashopu kake mumzinda wa Stuttgart. Mpamba wake udali 10,000 marks, ndalama zomwe bambo ake adamusiyira pomwalira mu 1880. Adayamba ndi anthu awiri okha, mmisiri mmodzi ndi mnyamata wotumikira. Ankagwira ntchito iliyonse yomwe yabwera: kuika mabelu amagetsi m'nyumba, kulumikiza matelefoni, kukonza zipangizo zoonongeka. Kwa makasitomala ankapita pa njinga yakapalasa. Mu 1887 adakwatira Anna Kayser, mchemwali wa mnzake.

Zaka khumi zoyambirira zidali za misozi. Ndalama zinkatha, ngongole zinkachuluka, ndipo mu 1892 zinthu zidafika poipa moti mwa antchito 24 omwe adali nawo adatsala ndi awiri.

Vuto la moto

Kuti timvetse chomwe chidamudzutsa Bosch, tiyambe taona momwe injini ya petulo imagwirira ntchito. Mkati mwa silinda muli pisitoni yomwe imakwera ndi kutsika. Ikatsika koyamba imakoka mpweya wosakaniza ndi petulo. Ikakwera imaupanikiza. Kenaka kamoto kamathetheka, mpweyawo n'kuyaka ndi kukankha pisitoni pansi mwamphamvu. Ikakweranso imatulutsa utsi. Mphamvu yonse yoyendetsa galimoto imachokera pa kukankha kumodzi kuja.

Chovuta n'chakuti mpweya wosakaniza ndi petulo sutha kuyaka nthawi imodzi. Umatenga kanthawi, ngakhale kochepetsetsa. Pachifukwachi moto umayenera kubwera pisitoni isadafike pamwamba penipeni, kuti ikamayamba kutsika mphamvu ikhale itakwana. Izi n'zomwe amakaniko amati taimingi. Moto ukafulumira kwambiri, mphamvu imalimbana ndi pisitoni yomwe ikukwera, injini imagogoda, ndipo pisitoni ikhoza kubooka. Ukachedwa, mphamvu imathawira ku ekizozi, injini imatentha ndipo mafuta amangopita pachabe. Injini ikamazungulira ka 3,000 pa mphindi, pulagi iliyonse imathetheka ka 25 pa sekondi, ndipo ulendo uliwonse iyenera kulasa pomwepo.

M'zaka za m'ma 1880 ndi 1890 padalibe njira yodalirika yochitira zimenezi. Injini za Gottlieb Daimler zinkagwiritsa ntchito kachubu kachitsulo kolowa mu silinda, komwe ankakatenthetsa ndi lawi lamoto kunja. Mphepo ikazimitsa lawilo galimoto inkaima, ndipo lawi pafupi ndi petulo lidali ngozi yoonekeratu. Woyendetsa adalibenso njira yosinthira nthawi ya moto. Carl Benz ankagwiritsa ntchito batire, koma masiku amenewo batire likatha padalibe chomalitchaja galimoto ikuyenda.

Mu 1887 kasitomala wina adapempha Bosch kuti amupangire chipangizo chotchedwa magneto, chofanana ndi chomwe kampani ya Deutz inkaika pa injini zake. Magneto imapanga yokha magetsi pogwiritsa ntchito maginito ndi waya wokulunga, choncho siifuna batire kapena lawi. Bosch adakaiona, adaijambula, n'kupanga yake yopepuka ndi yamphamvu kuposa yoyambayo. Koma magneto imeneyi inkangothandiza pa injini zikuluzikulu zokhala malo amodzi m'mafakitale, zomwe zinkazungulira pang'onopang'ono.

Mwayi udabwera mu 1897, pomwe Frederick Simms wa ku Britain adatumiza kwa Bosch njinga yamoto ya matayala atatu ya mtundu wa De Dion-Bouton kuti aiikire magneto. Injini yake inkafika ka 1,800 pa mphindi, liwiro lomwe magneto yakale siikadalikwanitsa chifukwa chigawo chake choyenda chidali cholemera. Kapitawo wa Bosch, Arnold Zähringer, ndiye adapeza nzeru. Adasiya chigawo cholemeracho chili chiimire, n'kuika kachitsulo kopepuka kochizungulira kuti ndiko kaziyenda. Njingayo idathamanga bwinobwino, ndipo opanga galimoto adayamba kugogoda pakhomo la Bosch. Mu 1898 adatsegula ofesi ku London mogwirizana ndi Simms, ndipo chaka chotsatira ina ku Paris.

Mutu umodzi susenza denga

Bosch ankadziwa malire a nzeru zake, ndipo luso lake lalikulu lidali lodziwa kusankha anthu. Mu 1901, chaka chomwe adalowa m'fakitale yakeyake ndi antchito 45, adalemba ntchito Gottlob Honold, mnyamata yemwe adaphunzirapo ntchito pashopu yake asadapite kukachita maphunziro a uinjiniya.

Magneto ya nthawi imeneyo idali ndi chilema chimodzi. Moto unkatuluka pomwe tizitsulo tiwiri tinkalekana mkati mwa silinda, ndipo tizitsuloti tinkayendetsedwa ndi ndodo zomwe zinkasiyana pa injini iliyonse, zinkatha msanga ndiponso zinkavuta kukonza. Honold adapanga magneto yotulutsa magetsi amphamvu kwambiri, otha kulumpha kampata ka pulagi. Tsopano chofunika chidali waya umodzi wochoka ku magneto kupita ku pulagi basi. Pulagi idalipo kale Bosch asadayambe bizinesi, koma pa 7 January 1902 kampani yake idalembetsa kuboma pulagi yoyendera limodzi ndi magneto yatsopanoyi, ndipo ziwirizi ndizo zidatsegula njira ya injini zothamanga kwambiri.

Mu 1903 Camille Jenatzy wa ku Belgium adapambana mpikisano wa Gordon Bennett ku Ireland pa galimoto ya Mercedes yokhala ndi magneto ya Bosch, ndipo mbiri idawanda. Pofika 1906 kampaniyi idali itapanga mamagneto 100,000. Chaka chomwecho idatsegula ofesi ku New York ndipo katundu wake adayamba kugulitsidwa ku South Africa. Mu 1912 idatsegula fakitale ku Springfield m'dziko la America. Pofika 1913, pa ndalama 100 zilizonse zomwe kampaniyi inkapeza, 88 zinkachokera kunja kwa Germany. Chaka chimenecho idayambanso kupanga nyali za galimoto, ndipo mu 1914 sitata yamagetsi, yomwe idapumitsa anthu kupukusa injini ndi dzanja.

Bwana ndi antchito ake

Bosch adali munthu wovuta kumusangalatsa. Ankadana ndi kuononga zinthu, ndipo katundu wokayikitsa sankalola kuti atuluke pageti. Mfundo yomwe adadziwika nayo idali yakuti kutaya ndalama kuli bwino kusiyana ndi kutaya chikhulupiriro cha kasitomala.

Koma ankadziwanso kuti munthu wotopa sangayeze bwino kachitsulo kocheperapo kuposa tsitsi. Mu 1906 adalamula kuti antchito ake azigwira maola 8 patsiku, zaka 12 lamulo lotere lisadakhazikitsidwe m'dziko la Germany. Mu 1910 adawapatsa mpumulo Loweruka masana komanso tchuthi cholipidwa. Malipiro ake adali okwera kuposa a makampani ambiri, moti eni mafakitale anzake ankamunyoza kuti ndi Bosch wofiira, kutanthauza kuti ali mbali ya mabungwe a antchito. Chaka chomwecho cha 1910 adapereka 1 miliyoni marks kusukulu ya ukachenjede ya ku Stuttgart komwe adamverako maphunziro ali mnyamata.

Izi sizikutanthauza kuti pafakitale padalibe mikangano. Mu 1913 antchito adanyanyala ntchito podandaula za liwiro la ntchito ndi kuchotsedwa kwa anzawo. Bosch adapsa mtima, adatseka fakitale kwa sabata zingapo, ndipo pambuyo pake adalowa bungwe la olemba anthu ntchito lomwe poyamba ankalikana. Nkhaniyi idamupweteka kwa nthawi yaitali.

Nkhondo ndi maliro

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka mu 1914, misika yakunja idatsekeka tsiku limodzi. America italowa nkhondoyo mu 1917, boma lake lidalanda fakitale ya ku Springfield pamodzi ndi dzina la kampaniyo. Kwawo ku Germany asilikali ankafuna mamagneto ambiri a ndege ndi malole, choncho ndalama zinkalowabe. Bosch sadafune kulemera ndi magazi a anthu. Adapereka pafupifupi 20 miliyoni marks ku ntchito zothandiza anthu, ndipo 13 miliyoni mwa ndalamazo idali yokumbira ngalande yoyendamo sitima pamtsinje wa Neckar.

Nkhondo itatha, Honold adajambula chizindikiro chatsopano cha kampani mu 1918. Chizindikirocho, chomwe mumachiona pa katoni ya pulagi mpaka lero, ndi chithunzi cha chigawo cha mkati mwa magneto chili m'kati mwa mzere wozungulira.

Kunyumba nako kudali chisoni. Mwana wake wamwamuna, Robert, yemwe ankayembekezeka kudzatenga kampani, adadwala matenda oumitsa ziwalo kwa zaka zambiri ndipo adamwalira mu 1921. Honold naye adamwalira mu 1923. Imfa ya mwanayo idagwedeza banja mpaka lidatha. Mu 1927 Bosch adakwatira Margarete Wörz, yemwe adabereka naye ana awiri, Robert ndi Eva.

Injini yosafuna pulagi

M'zaka za m'ma 1920 kudabwera chiopsezo china. Injini ya dizilo, yomwe Rudolf Diesel adaipanga m'zaka za m'ma 1890, siifuna pulagi kapena magneto. Imapanikiza mpweya wokha mpaka utatentha kwambiri, kenaka dizilo akapoperedwamo amayaka yekha. Bosch adaona kuti injini imeneyi ikadzalowa m'malole, bizinesi yake ya moto idzachepa.

M'malo molimbana nayo, adafufuza pomwe inkavutikira. Injini zoyamba za dizilo zinkalowetsa mafuta mothandizidwa ndi makina olemera opopa mpweya, choncho zinkangokwana m'sitima zapamadzi ndi m'mafakitale. Chomwe chinkasoweka idali pampu yaing'ono yotha kuyeza kadontho ka dizilo, kukakankha mwamphamvu kwambiri, ndi kukalowetsa mu silinda panthawi yake. Apa mafunso awiri aja, la mlingo ndi la nthawi, adakumana m'chipangizo chimodzi, chifukwa mu injini ya dizilo nthawi yomwe mafuta alowera ndiyo taimingi.

Akatswiri a Bosch adayamba ntchitoyi mu 1922, ndipo kumapeto kwa 1927 pampuyo idayamba kupangidwa yambirimbiri. Kampani yopanga malole ya MAN ndiyo idali yoyamba kugula. Mu 1936 galimoto yaing'ono ya dizilo ya Mercedes-Benz 260 D idatuluka ili ndi pampu ya Bosch. Aliyense amene adanyamulapo injekita pampu ya lole, thalakitala kapena chigayo kupita nayo kwa katswiri kuti akaitchune adagwira mdzukulu wa chipangizo chimenechi.

Zaka zomwezo msika wa galimoto udagwa, ndipo mu 1926 kampaniyi idachotsa antchito zikwizikwi. Pofuna kuti isamadalire galimoto zokha, idayamba kupanga zinthu zina monga zipangizo zamagetsi zoboolera ndi mafiriji.

Masiku a Hitler

Adolf Hitler atatenga boma mu 1933, Bosch adali ndi zaka 71. Iye ankakhulupirira ufulu wa demokalase ndipo adali atathera mphamvu ndi ndalama zake poyanjanitsa Germany ndi France. Ulamuliro wa chipani cha Nazi sadaukonde. Mu 1937 kampani yake idalemba ntchito Carl Goerdeler, yemwe kale adali meya wa mzinda wa Leipzig, ndipo ntchitoyo idamupatsa mpata woyenda m'maiko ena kukachenjeza za Hitler. Goerdeler adaphedwa ndi boma mu February 1945 kaamba ka chiwembu chofuna kuchotsa Hitler. Hans Walz, yemwe ankayendetsa kampani m'malo mwa Bosch, adathandiza Ayuda ndi ndalama kuti athawe m'dzikomo, ndipo mu 1969 bungwe la Yad Vashem la ku Israel lidamulemekeza pa ntchitoyo.

Mbali inayo siyenera kubisidwa. Kampani yomweyi idapanga zipangizo za ndege, akasinja ndi malole a nkhondo ya Hitler, ndipo idakula nazo. M'kati mwa nkhondo yachiwiri ya dziko lonse idagwiritsa ntchito anthu pafupifupi 20,000 ogwidwa ukapolo, ena mwa iwo akaidi a m'misasa yozunzirako anthu. Munthu yemwe adakana phindu la nkhondo yoyamba adaona fakitale yake ikutumikira yachiwiri.

Mu 1940 Bosch adatsegula chipatala chomwe adamangira anthu a ku Stuttgart, chomwe chikugwirabe ntchito m'dzina lake. Adamwalira pa 12 March 1942 ali ndi zaka 80, atadwala khutu. Boma la Nazi, lomwe iye sankalifuna, lidalanda mwambo wa maliro ake n'kuusandutsa wa boma.

Moto ndi mafuta zilowa m'kompyuta

Ntchito yomwe Bosch adayamba idapitirira iye atapita. Kwa zaka zambiri petulo ankayezedwa ndi kabuleta, ndipo nthawi ya moto inkasinthidwa ndi timasipuling'i ndi tizitsulo ta m'disitibyuta. Makaniko ankamasula bawuti, n'kupotoza disitibyuta pang'ono uku akumvetsera kulira kwa injini. Mu 1953 kampani ya ku Japan ya Nippondenso, yomwe lero ndi Denso, idachita mgwirizano wogawana luso ndi kampani ya Bosch, ndipo zipangizo za Denso ndizo zili m'galimoto zambiri zochokera ku Japan zomwe zadzaza misewu yathu.

Mu 1967 kampani ya Bosch idatulutsa makina amagetsi oyeza petulo otchedwa Jetronic, omwe adayamba kuikidwa mu Volkswagen 1600. Mu 1976 idabweretsa sensa ya mu ekizozi yomwe imauza injini ngati mafuta achuluka kapena achepa. Mu 1979 makina a Motronic, omwe adayambira mu BMW 732i, adaphatikiza mafuta ndi moto m'kompyuta imodzi.

M'kompyuta yotereyi muli zomwe amati mapu. Awa ndi matebulo a manambala, onga a m'buku la masamu. Mbali ina kuli liwiro la injini, mbali inayo kuli kulemera kwa ntchito yomwe injiniyo ikugwira. Pomwe mizere iwiriyi yakumana pali nambala youza injini kuchuluka kwa mafuta, ndipo patebulo lina pali nambala youza nthawi ya moto. Kuti petulo apse bwino pamafunika magalamu 14.7 a mpweya pa galamu imodzi ya petulo, koma pokwera phiri ndi katundu kompyuta imaonjezera petulo pang'ono kuti mphamvu ichuluke ndi kuti injini isatenthe. Moto nawo umasuntha: injini ikangolira galimoto itaima umabwera madigiri pafupifupi 10 pisitoni isadafike pamwamba, koma pa liwiro lapamsewu ukhoza kupitirira madigiri 30.

Kusintha manambala amenewa n'komwe pa Chingerezi amati remapping. Katswiri amalumikiza laputopu ku soketi yomwe imakhala kunsi kwa chiwongolero, amakopera mapu a fakitale, amasintha manambala, n'kuwabwezeramo. Akhoza kufulumizitsa moto, kuonjezera mafuta, ndipo ngati injini ili ndi turbo, kuonjezera mpweya womwe turboyo imakankha. Pa injini za turbo, makamaka za dizilo, mphamvu imakweradi moonekera. Pa injini wamba yopanda turbo phindu limakhala lochepa.

Funso n'kumati, ngati mphamvuyo ilipo, bwanji opanga galimoto adaisiya? Yankho n'lakuti amasiya dala mpata wotetezera injini. Galimoto imodzimodziyo iyenera kupirira kutentha kwa ku Nsanje ndi mpweya wopepuka wa kumapiri a ku Dedza. Iyenera kuyenda ndi petulo wa maiko osiyanasiyana, kuphatikizapo wa kuno kwathu yemwe wakhala akusakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe kuyambira mu 1982. Iyeneranso kukhululukira mwini wake akachedwa kusintha oilo, ndi kusunga malamulo a utsi. Wosintha mapu amadya mpata umenewu.

Walira mvula walira matope. Moto ukafulumizitsidwa mopitirira pa petulo wosalimba, injini imagogoda. Petulo akachepetsedwa kwambiri pofuna kusunga ndalama, mavavu ndi mapisitoni amatentha. Dizilo akachuluka kuposa mpweya, utsi wakuda umatuluka, ndipo utsi umenewo ndi mafuta omwe mwagula koma sadagwire ntchito. Mphamvu yoonjezerayo imakatheranso pa kilatchi ndi giyabokosi zomwe zidapangidwira mphamvu yocheperapo. Injini yomwe yayenda kale makilomita ambirimbiri, monga zilili galimoto zambiri zogula zakale, ndiyo imagonja msanga. Mwini galimoto wanzeru amayamba wakonza mapulagi, mafyuluta ndi mainjekita, chifukwa nthawi zambiri mphamvu yotayika imabwerera pomwepo. Ngati wasankhabe kusintha mapu, afunse ngati katswiriyo asunge mapu a fakitale kuti adzathe kuwabwezera, komanso ngati ayese galimotoyo ndi makina asadasinthe ndi atasintha.

Dzina lomwe adasiya

Chifukwa manambala a m'kompyuta saoneka, ndi osavuta kunamizira anthu, ndipo izi zidaonekera pakampani ya Bosch yomwe. Mu September 2015 akuluakulu oona zachilengedwe ku America adaulula kuti kampani ya Volkswagen idaika pulogalamu yachinyengo m'galimoto zake za dizilo. Pulogalamuyo inkazindikira kuti galimoto ili pamayeso n'kuchepetsa utsi woipa, koma ikabwerera pamsewu utsiwo unkachuluka. Galimoto pafupifupi 11 miliyoni zidakhudzidwa padziko lonse, ndipo makompyuta a injinizo adali ochokera ku kampani ya Bosch. Mu 2019 oimira boma pamilandu ku Stuttgart adalipiritsa kampaniyi 90 miliyoni euros chifukwa cholephera kuyang'anira bwino ntchito yake. Patatha zaka 77 mwini dzina atamwalira, kampani yake idataya zonse ziwiri, ndalama ndi chikhulupiriro, pa nkhani yomwe iye ankachenjeza.

Chuma chake Bosch adachikonzera njira asadamwalire. Mu wilo yomwe adalemba mu 1938 adafuna kuti kampani ipitirire kuima payokha ndi kuti phindu lake lizithandiza anthu. Mu 1964 a m'banja lake adapereka gawo lalikulu la kampaniyo ku bungwe lachifundo lomwe lero limatchedwa Robert Bosch Stiftung. Bungweli lili ndi magawo opitirira 90 pa 100 aliwonse a kampaniyi, ndipo ndalama zomwe limalandira zimapita ku ntchito za umoyo, maphunziro ndi kafukufuku, kuphatikizapo chipatala chija cha ku Stuttgart. Manda a Bosch ali ku Waldfriedhof, mumzinda womwewo momwe adatsegula kashopu ka anthu atatu mu 1886.